Phazi Kunja kwa Bulangete

Tulo ndinabadwa nato. Ena amabadwa ndi mawu oimbira, ena ndi manja a ukalipentala. Ine ndinapatsidwa tulo. Ndikaika mutu pansi, basi. Sindinkatembenuka, sindinkaganiza za mawa. Kwathu ku Kapondo mphepo inasasulapo denga la khitchini ine ndili gone pakhonde, nkhani yake ndinadzaimva kwa anthu.

Kundiitana dzina kunalibe ntchito. Kundigwedeza paphewa kunalibe ntchito. Achimwene anga anandithirapo madzi, ndinangopukuta kumaso n'kupitiriza. Njira inali imodzi yokha, anaipeza ndi amayi anga ndili mwana: kugwira chala chachikulu cha phazi lamanzere n'kukoka kawiri. Ukatero ndadzuka, maso gwa, ngati sindinagone n'komwe. Chifukwa chake sindichidziwa. Ndiye ndinakula ndikugona chonchi: thupi lonse mpaka kumutu ndafunda, phazi lamanzere lokha lili kunja, kudikira wondidzutsa.

Munthu wa tulo totere sangakhale yekha. Amadalira amene ali naye pafupi.

Nditakwatira ku Mlonyeni, amayi anamuitanira pambali mkazi wanga Nambewe. Ndinkayesa akumulangiza za banja. Ayi, ankamuuza za chala. Nambewe anachiphunzira msanga. M'mawa uliwonse ankakoka kawiri, ine n'kunyamula khasu. Sanaphonyepo.

Ndinakhala pachikamwini, kulima munda wa apongozi. Ndinkafuna kumutenga mkazi wanga tipite kwathu, ana akakulire pamalo a bambo anga. Atsibweni ake a Nambewe anati palibe chovuta, koma ndiyambe ndamanga nyumba ya malata ku Kapondo, mwana wawo asakagone modontha. Inali nthawi imene matipate anali atangobwera. Zolankhula zinachuluka, feteleza anakwera, fodya sankagwira mtengo. Malata ndikanawapeza kuti? Amene anabwera ndi nzeru ya ku Joni anali Yotamu, mlongo wake wa Nambewe. Anali wamng'ono kwa ine, wapakamwa, wokonda kuseka.

"Alamu, mufera pamunda wa eni ake," anatero. "Tiyeni tikaone kumene anzathu akutenga mawailesi."

Tinapita. Tinakwera thiraki ya katundu, kudzera ku Dedza, Tete, mpaka kumusi uko. Msewu sindingaufotokoze, ndinauona pang'ono. Pamalire paliponse Yotamu ankayamba wandivula nsapato, kenako n'kukoka chala. Dalaivala anaseka mpaka misozi.

"Uyu mukupita naye kuntchito kapena kumanda?"

"Musamuderere," anatero Yotamu. "Akadzuka ndi ng'ombe."

Ku Joni tinapeza malo kuseri kwa nyumba ya mayi wina. M'yadi mwake anamangamo tizipinda ta malata, tothithikana ngati makola a nkhunda. Munali Amalawi, a ku Mozambiki, a ku Zimbabwe. Ife tinapatsidwa kachipinda ka kumapeto, pafupi ndi mpanda. Bedi limodzi, bulangete limodzi, kasitovu ka palafini, ndi kreti ya mabotolo yokhalira.

Bedi limodzi linatikwanira chifukwa cha ntchito zathu. Yotamu anapeza ya m'maluwa kwa azungu ena, yamasana. Ine ndinalowa pa bekale, yausiku. Kukanda ufa, kusenza mathireyi, kuima pakamwa pa uvuni mpaka nsidze zipse. Ndikabwera m'mawa ndi buledi wophwanyika amene ankatipatsa, ndinkamupeza Yotamu akumanga zingwe za nsapato. Iye kutuluka, ine kulowa. Bedi lija silinazizirepo. Ndinkalipeza lofunda, likununkha mafuta ake odzola, pilo ali ndi dzenje la mutu wake.

Kugona masana m'kachipinda ka malata si masewera. Dzuwa likakwera malata amalira, amatentha ngati uvuni womwe uja. Mawailesi a m'yadi, ana, maminibasi kuimba mahutala, amayi kukangana pampopi. Anzanga a pa bekale ankamanga nsalu kumaso, ena ankatseka makutu ndi thonje, wina ankayamba wamwa kaye kuti tulo tibwere. Ine ndinkangokoka bulangete kumutu kuti kude, kaya kutenthe bwanji, n'kutulutsa phazi. Kumapazi kwa bedi kunali kamsomali kotuluka. Kakandikanda pachidendene ndinkadziwa kuti phazi lafika pamalo pake.

Madzulo Yotamu akabwera ankakoka kawiri. Mawu anga anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ankatuluka okha ndisanatsegule maso.

"Alamu, yakwana?"

"Yakwana, alamu. Dzukani, dziko likudikira buledi."

Ndinagulapo wotchi ya belu. Inalira mpaka mayi wa ku Zimbabwe wa chipinda china anabwera kudzaizimitsa, akutukwana. Ndinaigulitsa. Kuyambira pamenepo yadi yonse inadziwa za chala changa. Ukadutsa pakhomo pathu n'kuona phazi, ndiye kuti munthu alimo.

Yotamu tulo take tinali ta mbalame. Mphemvu ikayenda papepala, wadzuka. Kuti agone ankafuna kawailesi kazilira pansipansi pafupi ndi khutu. Loweruka usiku sindinkagwira ntchito, ndiye tinkagona tonse, iye mutu uku ine mutu uko. M'mawa ankandidandaulira.

"Mkonono wanu uja, alamu, achemwali anga amaupirira bwanji? Ndikanakhala ine ndikanabweza mbuzi."

"Panalibe mbuzi."

"N'chifukwa chake. Zaulere zimatero."

Tsiku lina anandifunsa mosaseka.

"Mumatani kuti mugone chotero? Ndiphunzitseni."

"Umangotseka maso."

"Ine ndikatseka ndimaona apolisi. Ndimaona amayi akudwala. Ndimaona ndabwerera kumudzi chimanjamanja, ana akundiloza."

"Ndiye usamaone."

Anaseka. Anati ndine mwala.

Nyengo yozizira ya kumeneko imaluma mafupa. Loweruka lina tinalowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko. Utsi wa makala suoneka, umangopha. Yotamu anadzuka mutu ukuwawa, miyendo yofooka. Akanatha kukwawa yekha n'kutuluka. Sanatero. Anafufuza phazi langa, anakoka, n'kundikwakwaza mpaka panja. Tinasanza tonse awiri pafupi ndi mpopi. Tsiku limenelo ndinati mumtima, uyu si mlamu chabe, ndi m'bale wanga wa bere limodzi.

Chimene tinkaopa kwenikweni sanali makala. Masiku a pa mapasipoti athu anatha kalekale. M'yadi monse amene anali ndi mapepala abwino anali a Jafali okha, bambo wachisilamu wa pa boma ku Mchinji, amene anakwatira komweko. Ankagulitsa tomato ndi ndudu patebulo pageti. Akaona galimoto za apolisi zikukhota, ankaimba likhweru lalitali. Ukalimva, siya chilichonse, dumpha mpanda wa kuseri, tsikira m'ngalande, tulukira kunjanji. Lamulo la m'yadi linali limodzi: suthawa usanadzutse mnzako wa bedi. Anthu akadumpha, a Jafali ankayenda khomo ndi khomo kusuzumira ngati wina watsala, poti iwo sankaopa kanthu.

Zinachitikapo kangapo. Yotamu akakhala kuntchito, ankandikoka chala ndi a Jafali. Ndinkapezeka m'ngalande ndili ndi kabudula yekha, koma ndili mfulu.

Ndinaphunziranso Chizulu. Apolisi akakuimitsa pamsewu ankakulankhula m'chinenero chawo, kukufunsa mayina a ziwalo za thupi, kuti amve lilime lako. Ndinaloweza zonse, chigongono, bondo, chidendene. Ndinali ndi dzina la kumeneko ndi mudzi wa kumeneko. Ine sindilankhula zambiri, ndiye zinkandithandiza. Anandiimitsapo, ndinayankha mwachidule, anandisiya. Ndikakhala maso, sakanandigwira.

Zaka zinapita. Ndinkatumiza kumudzi kudzera kwa madalaivala. Nambewe anaumbitsa njerwa ku Kapondo, zinaotchedwa. Malata ndinagula theka, anaikidwa kudenga kwa apongozi kudikira anzake. Ndinkawerengera kuti ndikapirira dzinja lina limodzi kapena awiri, nyumba yatha, ndikatenge banja langa.

Kenako azungu a Yotamu anasamukira kunyanja ya mchere. Ntchito inatha. Anayendayenda, osapeza. Ganyu wa tsiku limodzi, kenako sabata yonse chabe. Anasiya nthabwala. Usiku ankagona pabedi monga kale, koma masana analibe kopita. Ankakhala pakreti paja pakhomo, ine ndili mtulo. Ndinkamudyetsa. Lendi ndinkalipira ndekha. Sindinamuwerengere, anali m'bale.

Nditapsa mkono ndi thireyi, ndinamutenga kuti akandigwirire pa bekale mpaka bala lipole. Anagwira bwino. Kapitawo anamukonda, poti Yotamu ankamuseketsa, pamene ine ndinkangogwira ntchito. Nditachira anandipempha.

"Alamu, kandilankhulireni. Ngakhale yosesa."

Ndinakalankhula. Kapitawo anati anthu akwana, malo amapezeka wina akachoka. Ndinabwera n'kumuuza Yotamu mawu omwewo, osachotsera.

"Wina akachoka?"

"Anatero."

"Ndiye chokanitu, alamu," anatero akuseka. Inenso ndinaseka.

Tsiku lake linali la nyengo yotentha. Ndinabwera m'mawa, tinamwa tiyi ndi buledi. Yotamu anakhala pakreti akupukuta nsapato zake, ngakhale analibe kopita nazo.

"Gonani, alamu. Ndilipo."

Ndinakoka bulangete kumutu. Ndinatulutsa phazi. Kamsomali kaja kanandikanda pachidendene. Chimenechi ndimachikumbuka bwinobwino.

Chotsatira, china chake chinandimenya kumapazi mwamphamvu, chinagunda chala chomwe chija. Pakamwa panatseguka pokha.

"Alamu, yakwana?"

Ndinamva kuseka. Sikunali kuseka kwa Yotamu. Ndinachotsa bulangete kumaso. Apolisi awiri, wina atanyamula chibonga chimene anamenyera pabedi. Chizulu changa chonse chinatsala pa pilo. Sanandifunse za chigongono, sanandifunse dzina. Anali atamva kale. Munthu akamadzuka amalankhula chinenero cha amayi ake.

Anati ndiimirire. Ndinayesa, ndinagwa. Mapazi anga onse awiri anali m'kati mwa bulangete, ndipo bulangete linali lopindiridwa pansi pa matiresi, mwaudongo, ngati mmene amayalira kuchipatala. Anasekanso. Ine pamenepo sindinaganize kanthu. Ndinangomasula miyendo n'kuvala buluku.

M'galimoto mwawo, a m'yadi mwathu tinalimo awiri: ine ndi mnyamata wa ku Mozambiki amene anali ataledzera chigonere dzulo lake. Ena onse anathawa.

A Jafali anabwera kupolisi mawa lake. Anandibweretsera jekete ndi nthochi. Tinalankhula pawaya.

"Achimwene, mundikhululukire," anatero. "Likhweru ndinaimba. Nthawi inalipo yambiri, anayambira yadi ya kumtunda."

"Nanga bwanji?"

"Ndinasuzumira kwanu. Ndinaona bulangete lili mulu, phazi palibe. Ndinati awa adumpha kale ndi mlamu wawo. Ndikanaona phazi, Mulungu ndi mboni, ndikanakoka."

"Yotamu ali kuti?"

"Ali bwino. Ndinamuona akukwera mpanda."

"Anali wothamanga?"

A Jafali anayang'ana pansi. "Nsapato zinali kumapazi. Zingwe zomanga."

Sindinafunsenso.

Anatipititsa kumalo kumene amasungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Chipinda chachikulu, anthu ngati nyerere, magetsi osazima. Ena ankalira, ena ankapemphera, ena ankagona ndithu. Ine amene ndinagona pathiraki, amene ndinagona pansi pa malata otentha, kumeneko tulo tinandithawa. Ndinkatseka maso n'kuona bulangete lija.

Ndinayesa kumuikira kumbuyo Yotamu. Ndinati mwina ndinabweza phazi ndekha. Koma chibadwire sindinabwezepo phazi, ndipo munthu ali mtulo sanyamula matiresi n'kupindira bulangete pansi. Ndinati mwina mantha anamusokoneza. Koma wamantha amangothawa. Kukoka chala kumafuna zala ziwiri. Kufunditsa phazi kumafuna manja onse awiri, kuwerama, kunyamula ngodya ya matiresi, kusalaza. Anachita ntchito yovutayo n'kusiya yosavuta. Ndipo anagwira phazi langa mosamala kuti asakhudze chala. Pamenepo m'pamene pankandiwawa. Analigwira ndithu, m'manja mwake, n'kulilowetsa m'kati pang'onopang'ono ngati la mwana wakhanda.

Anatikweza ndege. Inali nthawi yanga yoyamba ndi yomaliza. Anzanga ankasuzumira pawindo. Ine ndinkayang'ana mapazi anga.

Ndinafika ku Mlonyeni ndi jumbo ya pulasitiki, muli jekete la a Jafali. Nkhani inali itafika kale ine ndisanafike. Yotamu anaimbira foni mphunzitsi wina wa ku Guilleme, mphunzitsiyo n'kubwera panjinga kudzauza apongozi. Akuti Yotamu anakoka, anakoka, anakuwa, analira, alamu ake osadzuka, mpaka apolisi anafika pakhomo, iye n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Ndani akanakayika? Mudzi wonse unkadziwa tulo tanga.

Apongozi aakazi anandilandira atakhala patali, monga mwa mwambo.

"Mwabwerako, atate. Tithokoze kuti muli moyo. Koma tulo, atate, tulo."

Atsibweni ake a Nambewe sananene za chitengwa, inenso sindinayambitse. Anangoti, "Munda uja ulipo." Anyamata a pa mpira akandiona ankayerekeza mkonono. Pamaliro, amuna tikakhala pamoto, wina ankati, "Awa apatseni malo a kumphepete, angagonere nkhuni." Ndinkangokhala. Ndikanati ndinene, akanati ndikuchitira nsanje mwana wa eni mudzi. Mkamwini alibe pakamwa.

M'mawa woyamba Nambewe anafufuza kumapazi kwa mphasa kuti akoke. Ndinati, "Ndili maso." Anachotsa dzanja. Sanafunse kanthu. Inenso sindinamuuze. Ndinkati ndisamuike pakati pa mwamuna wake ndi mlongo wake. Ndinkamumvera chisoni kuti akukhulupirira bodza.

Pasanapite nthawi, dalaivala wina anabweretsa katundu. Shuga, sopo, zitenje, nsapato za ana anga. Anati Yotamu ali bwino, akugwira yausiku pa bekale. Chipinda chomwe chija, bedi lomwe lija. M'katundumo munalinso mphatso yanga. Bulangete latsopano, lofewa, la maluwa. Apongozi anati ndione mtima wa mwana wawo. Ndinalipereka kwa ana.

Chaka cha njala chija chinatipeza choncho. Ana anga anapulumuka ndi ufa wogulidwa ndi Yotamu, ichi sindingakane. Malata anga aja anatsitsidwa kudenga kwa apongozi n'kukhomedwa pa nyumba imene Yotamu ankamangitsa. Anati ndi kubwereka. Njerwa za ku Kapondo zinamera udzu, kenako anthu anayamba kutola imodziimodzi.

Yotamu anabwera patapita zaka, nthawi ya Khirisimasi, mvula itagwa kale. Ananenepa. Anabwera ndi njinga ziwiri ndi wailesi ya kanema. Mudzi wonse unasonkhana. Atandiona anatambasula manja.

"Alamu! Mwaonda bwanji chonchi? Kapena masiku ano simukugona?"

Anthu anaseka. Ndinamupatsa dzanja.

Ndinadikira mpaka anthu atachepa. Mawa lake ndinamupeza kuseri kwa chigafa cha fodya akusuta. Tinali awiri.

"Alamu, ndili ndi funso limodzi."

"Funsani, alamu."

"Phazi langa munalifunditsiranji?"

"Ine ndinakoka, alamu. Mulungu akudziwa. Ndinakoka mpaka..."

"Sindinafunse za kukoka. Ndafunsa za kufunditsa."

Anayang'ana ndudu yake. Anaigwedeza phulusa lisanachuluke.

"Ntchentche," anatero. "Zinkakuterani pachala."

"N'kupindira pansi pa matiresi?"

Kenako nkhope inasintha, kuseka konse kunachoka. Ndinamuona Yotamu wa pakreti uja.

"Inu munali mutadyako kale, alamu. Njerwa munali nazo, malata munali nawo. Ine ndikanabwera ndi chiyani kuno? Miyezi yonse ija ndili pakhomo ngati galu, kumvera mkonono wanu. Inu kugona, ine maso. Usiku maso, masana maso. Ndinamva likhweru, ndinaimirira, ndinaligwira phazi lanu. Ndinaligwira kuti ndikoke."

"Ndiye?"

"Ndiye simunafe. Anakukwezani ndege. Ana anu ndawadyetsa. Mukufunanso chiyani?"

Ndinaganiza zomumenya. Dzanja linali lokonzeka, ndipo akanagwa. Koma ndinangomufunsa china.

"Masiku ano mumagona?"

Anaponda ndudu n'kuchoka.

Nditazungulira chigafa ndinamupeza Nambewe atakhala pansi ndi lichero, akuswa mtedza wa mbewu. Panali pafupi kwambiri. Udzu wa chigafa subisa mawu.

"Wamva?" ndinatero.

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kuswa.

"Nambewe, wamva zimene wanena mlongo wako?"

"Ndinamva kalekale, abambo ake a Mphatso."

"Liti?"

"Tsiku limene aphunzitsi anabwera panjinga. Atangoti Yotamu anakoka koma simunadzuke, ndinadziwa. Chala chimenecho ndachikoka zaka zingati ine? Mutadwala malungo chinakudzutsani. Mutamwa pa ukwati wa achimwene anu chinakudzutsani. Sichinakanepo."



"Unadziwa. Anyamata akundiyerekeza mkonono, iwe ukudziwa. Amayi ako akuti tulo atate, iwe uli pomwepo."

"Ndikanati chiyani? Kwa ndani? Kwa amayi? Kwa atsibweni? Ndi mwana wawo. Inu munabwera ndi jumbo. Ana akanadya chiyani?"

"Ukanandiuza ine. Ine ndekha. M'nyumba."

Apo anasiya kuswa. Anayang'ana mtedza uli m'manja.

"Ndinkaopa kuti mukadziwa kuti ndikudziwa, muchoka."

Zaka zonse zija ndinkasunga chinsinsi kuti ndimuteteze. Iyenso ankasunga chomwecho, tikugona mphasa imodzi, aliyense atatembenukira kwake, aliyense akuyesa mnzake wagona.

Za Yotamu ndinali nditazimeza kale, zinangotsala kuzimva ndi makutu. Za Nambewe zinandipeza ndisanakonzeke.

Sindinathetse banja. Sindinapite kwa ankhoswe. Chimanga chitakhwima ndinakolola munda wa apongozi, ndinaika m'nkhokwe, n'kunyamuka kupita pa boma. Ndinapeza ya ulonda pa sitolo ya mwenye wa nsalu, kenako pa golosale ya bambo wina wachisilamu, m'bale wawo wa a Jafali. Ndili pomwepo mpaka lero. Kumudzi ndimapita pa maliro ndi pa matenda. Ana amabwera.

Abwana anga amandinyadira. Akabwera anzawo amandiloza. "Uyu ndiye mlonda. Ena onse amawodzera, uyu ayi. Khoswe akadutsa wamva." Anandionjezera malipiro chifukwa cha chimenecho. Sadziwa kuti ndinali ndani. Nditawauza kuti kale denga linasasuka ine osamva, anati ndikungocheza.

Ndimagona masana, m'kachipinda ka kuseri kwa golosale. Si tulo tenitweni. Ndimangoyandama pamwamba, khutu lili panja. Njinga ikaima ndamva. Wina akagwira chitseko ndadzuka asanatsegule. Nthawi zina ndimalakalaka tulo tija, ngakhale kamodzi kokha, kugwera pansi ngati mwala m'chitsime, wina n'kudzandivuula madzulo. Koma tulo totero timafuna munthu woti umusiyire phazi.

Mwezi wathawu Nambewe anabwera ndi ufa ndi nyemba. Wakalamba, inenso ndakalamba. Anandipeza nditagona, chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha. Ndinamumva akadali pamsewu, mayendedwe ake ndimawadziwa. Sindinadzuke. Ndinasiya kampata pa bulangete, ndikumuona.

Anatula mtolo. Anagwada kumapazi kwa bedi monga ankachitira kale. Anayang'ana kumanzere, kumene phazi linkakhala. Panalibe. Masiku ano ndimafunditsa onse awiri, n'kupindira bulangete pansi pa matiresi ndekha. Anayendetsa dzanja pamwamba pa bulangete, akufufuza. Anafika pamene pali chala. Dzanja linaima pomwepo, osakoka, osachoka.

"Abambo ake a Mphatso," anatero chapansipansi. "Yakwana."

Ndinabweza phazi.

"Ndili maso," ndinatero.